Tchipisi Chimene Sitinalawe

Enid anafika kwathu Loweruka m'mawa atasenza mkoko wa nthochi, maso ali psuu. Ndi mnansi wanga kuno ku Nkope. Iye ndi wa Angilikani, ine Msilamu, koma moto timapalana.

"A Mwanamvua, mawa ndi chikondwerero cha zokolola kutchalitchi. Anzanga adzapereka matumba a chimanga. Nanga ine nkhope ndidzayiika pati?"

Anandimvetsa chisoni, osanama. Mwamuna wake Gerald anamwalira mu Januwale, nthawi yopalira, ndipo chimanga chinamira mu udzu. Chinatsala ndi nthochi zosapsazi, zimene malemuyo anabzala kuseri kwa bafa. Tsono mlamu wake Esitere, mlongo wa Gerald, anali atalengeza kale pamjigo kuti Enid ndi mlesi, wapha munda wa achimwene. Pakamwa pa mayi ameneyo, Mulungu andikhululukire!

"Pukutani misozi," ndinatero. "Tikazinge tchipisi choti anthu aiwale chimanga."

Tinadzola mafuta m'manja kuopa utomoni, n'kuyamba kusenda. Ine ndinkadula mopyapyala, Enid akuviika m'beseni la madzi kuti zisade. Nditapita kukatenga chiwaya, mnzangayo anathira mchere m'madzimo, chikhatho chodzaza, osandiuza. Naye atapita kukatenga nkhuni, ine ndinawaza wanga pa zokazinga kale. Dzanja langa pamchere silichita manyazi.

Zinatuluka zokongola, zofiirira, zolira khwakhwa m'lichero.

"Talawani," ndinamuuza.

"Iyayi! Zopita kuguwa sitilawa abambo ansembe asanadalitse. Lawani inuyo."

"Mwaiwala kuti ndikufunga Ramazani, sindilawa kanthu masana?"

Tinaseka ngati zitsiru, n'kuzikhuthulira m'beseni, n'kulivundikira ndi nsalu.

Lamulungu ndinamusenzera mpaka pakhomo pa tchalitchi, ine n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Mapemphero atatha, zakudya zophika anazitulutsa panja kuti anthu agawane. A Harold, mkulu wa mpingo, ndiwo anayamba kutapa. Anatafuna kamodzi, maso n'kutuzuka.

"Madzi! Ndipatseni madzi!"

Amayi ena analawa n'kulavula kuseri kwa chitenje. Kuseka kunayamba kumbuyo, kukubwera kutsogolo. Apo ndi pamene ndinazindikira zimene tinachita. Enid anangoima chilili, manja ali lende. Mtima wanga unawawa zedi, poti theka la mcherewo linali langa.

Kenako ndinaona Esitere akudza, akukankha anthu. Ndinadzuka n'kumanga chitenje. Ramazani kapena ayi, akanangotsegula pakamwa, bwenzi atandidziwa tsiku limenelo.

Anatola chidutswa chimodzi n'kutafuna. Anatolanso china.

"Ndi nthochi za kuseri kwa bafa izi?" anafunsa.

Enid anagwedeza mutu kuvomera.

"Achimwene ankathira mchere chomwechi," anatero Esitere. "Amayi ankachita kuwabisira botolo kudenga."

Anakhala pansi pafumbi pomwepo ndi zovala zake zoyera, beseni pamiyendo, n'kumukoka Enid dzanja kuti akhale naye. Ankadya misozi ikutsika, milomo itayera mbuu ndi mchere. A Harold atafuna kuchotsa besenilo, Esitere anawamenya dzanja.

"Siyani! Mwaseka kale, izi ndi zathu."

Ine mawu onse amene ndinakonzera mayi ameneyo ndinawameza. Ndinamasula chitenje n'kupita kumjigo kukawatungira madzi akumwa awiriwo.