Neville Wayamba Kuthamangitsa Ng'oma

Neville Barraclough anadziwa yekha kuti wathamangitsanso. Anaona msana wa Kelvin ukuuma, kenako dzanja likukwera m'mwamba ngati la wapolisi wapamsewu, ndipo phokoso lonse linazima. M'chipinda chija, pamwamba pa fakitale yakale ya nsalu, munangotsala kung'ung'udza kwa masipika ndi mvula pazenera.

"Nev, ukuthamangira kuti? Basi yakusiya?" anafunsa Kelvin, woimba wa gululo, gitala ili lendee pamimba.

"Ndikuimba bwinobwino ine."

"Bwinobwino yake iti? Nyimbo ya maliro waisandutsa ya ukwati. Ukufuna anthu akavine?"

Leanne, amene anamutenga kuti aziimba gitala ya besi, anawerama kubisa kuseka. Anali mayi wodekha, mphunzitsi wa nyimbo, ndipo sankalakwitsa kanthu. Neville analibe naye mlandu wina kupatula woti sanali Duncan, woimba besi wawo wakale.

Gulu lawo, Harrowgill, linabadwira m'chigwa chomwechi cha kufupi ndi tauni ya Keighley, zaka zomwe mafakitale ankatsekedwa imodziimodzi. Anyamata anzawo ankapikisana kuthamangitsa magitala, koma Neville, Kelvin ndi Duncan anasankha nyimbo zimene amati doom. Ankamasula nsambo mpaka zizilendewera, kumenya kamodzi mwamphamvu, n'kudikira kuti kulirako kutsale pang'ono kufa asanamenyenso. Pakati pa magulu onse ochedwa a m'dziko muno, Harrowgill ndiyo inkachedwa koposa. Olemba nyuzi, amene sasowa chonena, ankati kuchedwako n'chisoni cha mapiri a nkhungu ndi machumuni ozima. Neville ankangowasiya alembe. Iye ankadziwa kuti kunkachokera paphewa lamanja la Duncan Illingworth.

Duncan ankaimba besi atafulatira anthu, nkhope ili kung'oma. Neville ankakweza kamtengo komenyera ng'oma, maso ali paphewa lija, ndipo phewa likatsika ndi pamene ankamenya. Analibe luso lina loposa limenelo, ndipo sanauzepo munthu.

Koma ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Makutu a Duncan anawonongeka ndi masipika, anaika besi m'bokosi, n'kusamukira ku Morecambe ndi mkazi wake. Gulu linathera pomwepo. Neville anakalamba akuyendetsa galimoto yogawa buledi, akuona mnzakeyo pamaliro pokha. Tsopano ana amene anali asanabadwe panthawiyo anali atafukula nyimbo zija, ndipo Harrowgill inaitanidwa kukaimba kuchikondwerero ku Leeds.

Leanne atatsika kukasuta, Kelvin anakhala pasipika n'kutsitsa mawu.

"Sindikufuna kukupweteka, mzanga. Anthu akubwera chifukwa cha kuchedwa kuja, china palibe. Loweruka ukathamangitsanso, ndiitana wang'oma wina."

"Wina pampando wanga?"

"Nanga nditani?"

Mpando umenewo ndi wokha umene Neville anakhalapo nawo pamoyo wake n'kumva kuti ndi wake, ndipo ankaopa kuutaya. Koma chinkamuwawa koposa chinali kamalo kopanda munthu kutsogolo kwa ng'oma yaikulu. Akamenya kamodzi n'kukweza maso, ankapeza chingwe cha magetsi chili pansi basi, ndipo dzanja linkathawa lokha kukamenyanso.

Lachitatu anakwera sitima ya ku Morecambe. Anakamupeza Duncan kudimba lake kuseri kwa njanji, atagwada pamzere wa anyezi, kachisoti kaubweya kataphimba makutu ngakhale kunali kadzuwa. Anamuitana kawiri osamva, mpaka anamuzungulira n'kuima kutsogolo kwake.

"Aa, taonani watulukirayu!" anatero Duncan akudzuka, dzanja lili pabondo. "Wanenepatu. Buledi uja umagawa kapena umadya wekha?"

"Nanga iwe tsitsi lija unagulitsa kwa ndani?"

"Uzilankhulira mbali iyi. Khutu ilo ndi chokongoletsa chabe."

Anakhala pakhomo pa kanyumba kosungiramo makasu, akumwa tiyi wa m'fulasiki, wina m'kapu, wina m'chivundikiro. Anakamba za nkhono zodya kabichi, za bondo, za anzawo amene anatsogola. Neville anazungulira m'tchire mpaka tiyi anazizira, ndiye analowa m'nkhani.

"Tikukaimba ku Leeds."

"Ndinamva. Kelvin akadali ndi mawu aja a ng'ombe yodwala?"

"Aipiraipira. Dunc, bwera."

"Sindingagwirenso besi, ukudziwa."

"Besi isiye, alipo woimba. Udzangoima kutsogolo kwa ng'oma ngati kale, makutu otseka. Chimenecho chokha."

Duncan anapukusa mutu.

"M'mutu mwangamu muli ketulo imene sisiya kulira. Mkazi wanga akagwetsa supuni, ndimakhala sabata yonse ngati wamisala. Ndikaima pafupi ndi masipika aja, khutu latsalali lipita. Ndili ndi kamdzukulu kangoyamba kulankhula, Nev. Ndikufuna ndizikamva."

Panalibe chotsutsa pamenepo. Neville anagwedeza mutu. Sitima inadutsa kuseri kwa mpanda, ndipo Duncan anatseka khutu ndi chikhatho mpaka inapita.

"Chabwino, ndiye ndiphunzitse," anatero Neville. "Unkawerenga bwanji?"

"Kuwerenga chiyani?"

"Mpata uja. Tikamenya kamodzi, unkadziwa bwanji kuti nthawi yomenyanso yakwana? Ine ndikuthamangitsa, Kelvin akufuna kundichotsa. Popanda phewa lako sindikudziwa poyambira."

"Phewa langa latani?"

"Ndinkatsatira limenelo. Likatsika, ine n'kumenya."

Duncan anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Usandinamize iwe."

"Ndikunamize chifukwa chiyani?"

"Nanga ukuganiza ndinkafulatira atsikana onse aja kuti ndizisirira nkhope yakoyo? Ndinkayang'ana kamtengo kako, chitsiru iwe! Wang'oma ndiwe. Ine ndinkadikira kuti kayambe kutsika."

"Sikankatsika! Ndinkakagwira m'mwamba kudikira iweyo, mpaka mkono kutopa."

"Eya, mkono ukatopa kankayamba kugwa, ine n'kumati wayamba."

Anayang'anizana kukamwa kuli yasa. Anayamba ndi Duncan, kuseka kwa m'mphuno, ndipo posakhalitsa madoda awiriwo anali atapindika, akumenya mawondo, misozi ili mbwee. Mayi wina wa dimba loyandikana anaweramuka kuona ngati kwagwa ngozi.

"Chisoni cha mapiri a nkhungu!" anafuula Duncan, akupukuta m'maso ndi kachisoti.

"Machumuni ozima!"

"Chonsecho ndi mbuli ziwiri, iyi ikudikira iyo, iyo ikudikira iyi. Kelvin asamve, angafe."

Kuseka kunatha. Neville anabwera kudzatenga nzeru yoti apite nayo kwawo, koma nzeruyo kunalibe. Chimene chinalipo chinali cha anthu awiri, ndipo sichikananyamulika pasitima. Anayang'ana manja a mnzakeyo, akuda ndi dothi, zala zija zimene kale zinali ndi zikang'a za nsambo.

"Ndimakusowa, Dunc," anatero. "Si zang'oma zokha ayi."

Amuna a kwathu kuno salankhula zotere masana, alibe ndi mowa womwe m'manja. Duncan anakhosomola, anadzuka, n'kupita kumzere wakumapeto. Anabwera ndi kabichi wamkulu n'kumuika pamiyendo pa Neville.

"Tenga uyu. Nkhono sizinamupeze." Anaima pang'ono, akuyang'ana kunjanji. "Nanenso, mzanga. Tiye ndikuperekeze, ungaphonye sitima."

Loweruka masana mvula inali ikugwabe pa Keighley. Neville anakwera masitepe a fakitale ija mopumira, n'kupeza anzake atalumikiza kale zingwe. Kelvin sanamuyang'ane m'maso, ndipo foni yake inali pamwamba pa sipika, pafupi ndi dzanja.

"Tiyambe ndi yaitali ija," anatero Kelvin.

Anamenya limodzi koyamba, mazenera n'kunjenjemera. Neville anakweza kamtengo, maso n'kupita okha pakamalo kaja. Dzanja linafuna kuthawa monga mwa masiku onse, koma ulendo uno sanalilole. Tsopano ankadziwa kuti ntchito yake zaka zonse zija inali kudikira Duncan, ndipo imeneyo akanaithabe. Anayang'ana pamene phewa linkakhala, n'kudikira. Kulira kwa gitala kunachepa, kunatsala kamzere kowonda. Mkono unayamba kuwawa, kenako kunjenjemera, ndipo utalephereratu, kamtengo kanagwa. Leanne, amene ankamuyang'anitsitsa chapambali, anagwera naye limodzi.

Kelvin anatembenuka, maso ali tong'o.

"Ndi zimenezotu!" anakuwa pamwamba pa phokoso. "Nev, ndi zimenezo! Usasinthe!"

Anaimba mpaka kumapeto. Itatha, Leanne anagwedeza zala zake n'kupuma mozama.

"Koma a Neville, ndimayesa mwakomoka. Kale munkaimba chonchi nthawi zonse?"

"Chonchi kumene," anayankha Kelvin, akulowetsa foni m'thumba. "Wakakupatsa mankhwala anji Duncan?"

"Palibe."

"Abwera ku Leeds?"

"Sabwera."

"Basi, zilibe kanthu tsopano. Uzichita zomwe wachitazi."

Mpando unali wake, ndipo akanayenera kusangalala. Koma Neville anali atamva kale mtengo wake. Kuti Harrowgill imveke ngati Harrowgill, ankayenera kumuyembekezera Duncan ndi mtima wonse pakumenya kulikonse, n'kumupeza palibe, kenako n'kuyambiranso. Anapukuta nkhope ndi thaulo nthawi yaitali kuposa mmene thukuta linkafunira.

"Ina ija tsopano," anatero Kelvin. "Wakonzeka?"

Neville anagwedeza mutu, anakweza kamtengo m'mwamba, n'kuyang'ana kutsogolo kwa ng'oma.