Chisanu m'Dzanja la Mtengwa

Ntate Serame, ndiko kuti Bambo Serame, ndinaphunzira nawo sukulu imodzi ya amishoni, masiku amene mwana ankakwapulidwa akalowa m'kalasi osavula chipewa. Iwo anasiyira panjira napita ku migodi; ine ndinapitiriza, ndipo ndinaphunzitsa kufikira ukalamba. Midzi yathu imalekanitsidwa ndi phiri limodzi lalitali la kuno ku Mokhotlong, koma mwezi sunkatha iwo osakwera hatchi kudzandichezera. Chaka chimene ndikunenachi, ulendo uliwonse ankabwera ndi dandaulo lomwelo: mtengwa wawo, amene ine ndinali ndisanamuonepo.

Mwana wawo Khoabane anakakwatira kutali, ku Musina, kumene amati ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa milambe dzuwa likakwera. Mkaziyo atafika anamuphera nkhosa ndi kumutcha 'Malebusa, ndiko kuti mayi a Lebusa, dzina loikiratu la mwana amene adzabereke. Ntchito ankaigwira, moni ankapereka atagwada, ndipo dzina la apongozi ake sanalitchulepo, monga ayenera mtengwa woleredwa. Pamenepa panali povuta, pakuti Serame m'chinenero chathu ndi chisanu chimene chimayera pa udzu kukamacha, ndipo kuno chinthu chimenecho chimatchulidwa kangapo tsiku lisanathe. Mtengwayo anachipezera dzina lina. Ankati ufa wa m'mawa.

“Nanga cholakwa chake n'chiyani?” ndinawafunsa tsiku lina.

“Amathamanga, aphunzitsi.”

“Pali chimene chimamuthamangitsa?”

“Palibe! Kwawoko akuti ankapikisana ndi anzake pamsewu, dzuwa lili paliwombo, atavala kakabudula kosakwanira ngakhale kukulungira fodya. Mamendulo ali m'chikwama. Tsopano akufuna kuti chilimwe chikubwerachi akathamangenso mpikisano wa kwawoko, ndiye ine m'mawa uliwonse ndizimuona akudutsa pakhomo panga miyendo ili pamtunda. Ndamuletsa. Khoabane ali ku ntchito, wolamula pakhomopo ndine.”

Sindinawatsutse, pakuti nanenso sindikondwera ndi miyendo ya pamtunda. Koma anandifotokozeranso mkangano umene unachitika m'nyumba mwawo, ndipo ndinaseka ndi m'mimba momwe. Popeza mtengwa satsutsana ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso, mawu onse ankadzera mwa akazi awo, 'M'e 'Makhoabane, ndiko kuti mayi a Khoabane, ngakhale atatuwo anali atazungulira moto umodzi.

“Umuuze mwanayu,” anatero Ntate Serame, “kuti kuthamanga pa dzuwa ndi ntchito ya buluzi. Kutentha ine ndinakuona pansi pa mgodi, thukuta lodzaza jombo, ndipo ndinatuluka wamoyo. Chimene chimayesa munthu ndi kuzizira.”

“'M'e, muwauze Ntate kuti mumgodi munali mthunzi.”

“Umuuze kuti kuno atathamanga ndi kakabudula kake, tikamutola atauma ngati chikuni.”

“Muwauze kuti kwathu atayenda ndi bulangete lawolo, tikawatola atapsa ngati mbatata.”

“Ine mwanditopetsa,” anatero mayiwo. “Ndine positi ofesi kodi?”

Chiletso chinakhalabe. 'Malebusa anapinda zovala zake zothamangira naziika pansi pa chikwama, ndipo amati kuyambira pamenepo ankapita kumtsinje ndi kubwerako osaimba.

Mwezi wa Meyi chipale chofewa chinafulumira kugwa. Nkhosa zambiri zinali zitatsika kale, koma zingapo zinatsalira kukhola la kuphiri. Ntate Serame anakwera hatchi m'mawa kukazitenga, naiwala kamba wa paulendo patebulo. Akazi awo anatuma mtengwa kuti awatsatire ndi mkate ndi botolo la phala la mapira. Anawapeza pafupi ndi kholalo ali chigonere pa miyala. Hatchi inali itaterereka pa madzi oundana, ndi kuwagwetsa, ndi kuthawa. Mwendo unali utapindikira kumene mwendo supindikira.

“Usandikhudze,” anatero mkuluyo, mano ali gwa.

“Sindikukhudzani, Ntate.”

Anavula bulangete lake naliyala pambali pawo. Mkuluyo anadzigubuduzirapo yekha, akubuula, ndipo mtengwa anagwira nsonga ziwiri nawakokera m'kanyumba ka miyala ka abusa. Anakoleza moto ndi ndowe zouma zimene anapeza pakona. Zinali zochepa, zosafika madzulo. Foni inalibe pogwira. Kumudzi kwawo kunali kutali, ndipo amuna amphamvu kunalibe. Chipatala chaching'ono cha m'mudzi mwathu chinali pafupi koposa, koma njira yake inali yokwera mtunda wonse wa phiri ndi kutsikira kuseri. Munthu woyenda akanafika dzuwa litalowa, ndipo wothyoka mwendo sachezera usiku wa kumeneko.

'Malebusa anaima pakhomo, manja kumbuyo, maso pansi.

“Nanga waimiranji?”

“Ndikufunsa, Ntate. Ndiyende?”

“Uyende bwanji? Ufuna udzandipeze nditauma?”

“Paja munandiletsa.”

 Mkuluyo anandiuza pambuyo pake kuti mawu amene anatsatira anawapweteka kuposa mwendo.

“Thamanga, mwana wanga.”

Mtengwayo anatembenuka, koma anamuitananso.

“Taima. Iwe umadziwa za dzuwa, za kuno sudziwa. M'kati mwa siketimo muli chiyani?”

“Buluku la atate a Lebusa.”

“Siketi isiye, ndiyang'ana kukhoma. Juzi imodzi ivule, uimange m'chiuno. Ukachita thukuta lambiri lidzakuumira pathupi. Manja ukawasowa, uwaike m'khwapa. Chipale usadye ngakhale ummve ludzu. Ndipo imva ichi. Dzuwa la kwanu likafuna kupha munthu limatani?”

“Limalalata, Ntate. Mutu umagunda, lilime limatupa, maso amachita mdima. Umadziwa kuti uchepetse liwiro.”

“Kuzizira sikulalata. Kuli ndi ulemu. Kudzakuuza kuti wafunda tsopano, khala pamwala apa upume pang'ono. Ukakhala, sudzukanso. Wamva?”

“Ndamva.”

“Pita. Ndipo usathamange ngati wakuba, mapewa uwongole.”

Zimene zinachitika panjira anandifotokozera yekha patapita nthawi. Pokwera, mpweya unkalowa m'chifuwa ngati wameza singano. Kwawo miyendo inkayamba yopepuka ndi kulemera pambuyo. Kuno inayamba ngati mitengo, ndipo inachedwa kukumbukira ntchito yake. Itakumbukira, mtima wake unakondwa, ngakhale anachita nazo manyazi poganiza za munthu amene anamusiya. Miyezi yambiri inali itapita asanamve mapazi ake akuyankhana chotero.

Kukondwako ndiko kunamulakwitsa. Atafika pa kamtsinje kotsikira m'khwawa, thupi linachita zimene linazolowera m'mipikisano ya kwawo: anawerama osaima, natunga madzi ndi manja awiri, nadzithira pamutu. Anazindikira madziwo atalowa kale m'duku. Mphepo ya pamwamba paphiri inamulandira, ndipo posakhalitsa dukuyo inauma gwa ngati chikopa. Kuivula sikukanathandiza, pakuti tsitsi nalo linali litanyowa. Anangokokera nsonga yake kukamwa, navala juzi ija, napitirira. Mpweya wa m'kamwa unkayera pansaluyo ndi pa nsidze.

Atadutsa pamwamba penipeni, kunjenjemera kunaleka. Anamva kufunda kokoma kukuyenda m'mikono. Pambali pa njira panali mwala wosalala, wotetezeka ku mphepo, wooneka ngati mpando umene mwininyumba wakonzera mlendo. Miyendo inayamba kupatukira komweko yokha. Pamenepo anakumbukira mawu aja, ndipo popeza chimene chinkamuitanacho chinali ndi dzina la apongozi ake, anachiyankha monga akanawayankhira iwo.

“Pepani, Ntate, sindikhala. Ndili paulendo.”

Anabwereza mawuwo potsika phiri lonse, mpaka milomo inakana kuwaumba.

Ine tsiku limenelo ndinali pabenchi la chipatala, kudikira mankhwala anga a mwezi ndi mwezi. Chitseko chinatseguka popanda kugogoda, chimene ndinakonzeka kudzudzula. Analowa munthu wovala buluku la mwamuna, kumutu kuli mbuu, nagwada pakhomo pomwepo napereka moni kwa ife tonse. Mawu ankatuluka odukaduka. Namwino wathu, Ausi Nteboheleng (ausi ndiko kuti achemwali), anali mtsikana wochokera ku Maseru, wachangu ndi wamtima wabwino, koma anali asanathe mwezi pakati pathu.

“Apongozi anga athyoka mwendo. Ali kukhola la kuphiri. Moto ukutha.”

“Makola a kuphiri ndi ambiri, ausi. La ndani?”

“La... atate ake a amuna anga. A Khoabane.”

“A Khoabane ake ati?” anafunsa mayi wina pabenchi. “Mbali ino yokha alipo anayi, wina ndi wakuba nkhosa.”

“Tchulani dzina la wodwalayo,” anatero namwino, akumufunditsa bulangete. “Amuna akwere hatchi alowere kuti? Nenani msanga!”

 Ndinaona misozi ikutsika ndi kuima pa tsaya la mkaziyo. Kenaka anakweza dzanja lake louma ndi kuzizira, nakanda pa duku pake, natambasula chikhatho pamaso pa namwino. Munali chisanu choyera, chikuyamba kusungunuka.

“Ndi awa,” anatero.

Namwino anandiyang'ana ngati wofunsa kuti mutu wa munthuyu uli bwino kodi. Ine ndinali nditaimirira kale.

“Ndi Ntate Serame a kuseri kwa phiri,” ndinatero. “Khola lawo lili pamwamba pa khwawa la miyala yofiira. Uyu ndi mtengwa wawo, ndipo sangawatchule.”

“Ngakhale pa imfa ndi moyo?” anadabwa namwino.

“Wawatchula, mwana wanga. Sunaone?”

Alipo amene anati mkaziyo anataya nthawi, ndipo akanangonena dzinalo palibe akanamuimba mlandu. N'zoona, ngakhale ine sindikanamuimba. Iye mwini anandiuza kuti ndikanakhala chete kamphindi kena, akanalitchula, nakapepesa pambuyo. Koma m'zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ana a anthu, sindinaone yankho loperekedwa bwino chotero.

Amuna anakwera hatchi ndi machira, namwino ali pakati pawo. Anawapeza Ntate Serame moto utazima, milomo itada, koma akutha kudandaula kuti achedwa. 'Malebusa anatsala m'manja mwa amayi, amene anamuvula duku ija ndi kumufunditsa pang'onopang'ono. Zala ziwiri za kuphazi zinamuvuta nyengo yonseyo, koma zinachira.

Mkuluyo anakhala nthawi yaitali m'chipatala cha m'tauni, natuluka ndi chitsulo m'ntchafu ndi ndodo m'manja. Nditapita kukawaona kwawo, ndinafika m'mawa udzu udakali woyera, ndipo sindinawapeze m'nyumba. 'M'e 'Makhoabane anandilozera kumtunda. Kumeneko kunali mtengwa akuthamanga, atavala buluku, ndipo pambuyo pake hatchi ikuyenda mothamangira, mkuluyo ali pamsana akukuwa.

“Mapewa! Ndati mapewa! Kodi amakuphunzitsani chiyani kwa abuluziko?”

“Tsiku lililonse ndi zomwezi,” anatero mayiwo. “Ine positi ofesi anandichotsa ntchito.”

Atatsika pahatchi ndinawafunsa za chiletso chija.

“Chilipo,” anayankha. “Kakabudula akakavalire kwawo. Kuno buluku.”

Chilimwe chitafika mkuluyo anapita iwo eni ndi mtengwa wawo ku Musina, pamodzi ndi Khoabane, akuti kukaona ngati dzuwa limene ankalitamalo lili ndi kanthu. Anakwera basi atafunda bulangete lawo la ulemu, atalipana ndi kachitsulo komangira paphewa. Khoabane ndiye anandiuza zotsala. Dzuwa lisanafike pamutu, mkuluyo anamasula kachitsulo ka paphewa kaja. Kenaka anavula bulangete pagulu, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Othamanga asanabwerere, anali atakhala pansi pa mlambe pakati pa mbuzi, nsalu yonyowa ili pamutu.

'Malebusa anafika wachitatu mwa akazi. Mnyamata wolengeza pa chimkuzamawu anamufunsa kumene anasowera chaka chonse, ndiponso amene akumuphunzitsa tsopano.

“Apongozi anga,” anayankha. “M'mawa uliwonse ndimawapeza pa udzu, ndimawapezanso pahatchi.”

Anthu a kumeneko sanamve chimene Khoabane ankasekera. Mtengwayo anapita pansi pa mlambe, nagwada patali pang'ono, naika mendulo pa bulangete lopindidwa lija. Mkuluyo anaiyang'ana, napukuta thukuta.

“Khoabane, umuuze mkazi wako kuti dzuwa la kwawoli ndi lamwano.”

“Muwauze Ntate kuti ndinanena.”

“Umuuze kuti chaka chamawa tidzafika masiku angapo mpikisano usanachitike, kuti thupi lizolowere. Awiri amene anamupitirira aja sanandisangalatse.”