Kaseti ya a Mwantumu

A Kalisto anali atazula kale waya wa TV pamene Monika anaima pakhomo. Nkhata za pamanda a achimwene awo, a Mwantumu, zinali zisanafote n'komwe, koma iwo akuti katundu wa malemu ngwa kuchimuna, TV ndi deki ya vidiyo zipite ku Mulanje. Ku Mulanje kwakenso kuti, kumudzi kopanda ndi magetsi omwe!

Monika, mkazi wa malemuyo, anawauza mosapsatira kuti vidiyo imene amaonetsa m'shedi kuseriko ndiyo ikudyetsa ana pa Zingwangwa pano. Akainyamula, anawo adya chiyani?  A Kalisto anangobwezeretsa waya kuti ayese kaye ngati dekiyo ikugwira, kuopa kusenza chakufa.

M'katimo munali kaseti imene malemu anasiya.

Monika anaizindikira itangoyamba, ndipo mtima unamuwawa. Anali masewero a azungu oyenda m'mlengalenga, amene mnzawo wina anajambula pa TV ku Joni. Onse ankatha bwino, anthu akuseka, kupatula limodzi ili. Munthu akupita ku nyenyezi atalonjeza kwawo kuti sachedwa, ndiye pobwera n'kupeza padutsa zaka zana, mudzi wonse uli thengo. Basi, n'kuthera pomwepo. Anyamata obwera kudzaonera mafilimu a karate ankatuluka akutukwana, koma sabata yonse mumawamva pamsika akutsutsana za munthu yemweyo. A Mwantumu nkhutu analibe. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi inali yomweyo, chonsecho Chingerezi chawo chinkathera pa moni. Monika anakangana nawo mpaka kutopa kuti kasetiyo ikuthawitsa makasitomala.

Pofika pamene munthu uja waima pabwinja n'kuyamba kuitana maina, chithunzi chinayamba kunjenjemera, mizere ili mbwee. Tepi inali itatha pamenepo chifukwa chobwerezabwereza.

A Kalisto anakhala pansi, pasimenti penipeni.

"Alamu," anatero, maso ali pa TV, "nkhondo itatha ine ndi achimwene tinapita limodzi kwathu ku Milange, kutsidya kwa malire. Pothawa paja amayi tinawasiya, achimwene atawalonjeza kuti abwera kudzawatenga mwezi usanathe. Tinakapeza udzu wokhawokha. Achimwene anaitana mpaka mawu anauma. Sanakuuzeni?"

Sanamuuze. Zaka khumi za banja, ndipo atabwera paulendo umenewo anangoti kumudzi kuli bwino, n'kupempha madzi osamba. Monika anachita manyazi ndi mawu onse amene anawalalatira nawo.

A Kalisto anapinda thumba limene anabwera nalo n'kulikhalira. Anati zinthuzi zikhale pompano, ku Mulanje akanena okha.

"Tabwezani pang'ono, alamu."

Monika anagwada padeki, nadina batani, n'kuwerenga chamumtima mpaka zisanu ndi chimodzi, monga ankawamvera malemu akuwerenga monong'ona. Atasiya, munthu uja anayambanso kuitana.