“Muli Tirigu Umu?”

Pa tsiku lachitatu chimugonekere m'chipatala, lomwe linali Lachiwiri, mayi wa pa bedi 14 anakankhira kutali mbale ya chakudya chamasana n'kutembenukira kukhoma. Mayiyu anali telala. Anabwera ndi mwendo wakumanja wothyoka pawiri atagwa pa njinga yamoto, ndipo unali mwendo womwe ankapondera makina osokera. Madokotala anali atakonza zoti Lachisanu amuchite opaleshoni yoika chitsulo m'fupa. Koma tsopano vuto linali litasamukira kwina. Mimba inali itafufuma, ankatsekula m'mimba, ndipo m'mawa umenewo anasanza kawiri.

Mwamuna wake, kalipentala wosalankhulalankhula, ankazidziwa bwino zizindikiro zimenezi. Zaka zinayi m'mbuyomo mkazi wakeyo anapezeka ndi matenda a siliyaki. Thupi la wodwala matendawa limadana ndi gilateni, kanthu kopezeka mu tirigu, balere ndi rayi. Akadya ngakhale pang'ono, matumbo amatupa n'kuyamba kulephera kuyamwa chakudya. Pachifukwa chimenechi, tsiku lomugoneka kalipentalayo anauza kalaliki wolembetsa odwala kuti akazi ake sadya tirigu. Ndipo nthawi iliyonse mayi wokankha kangolo ka chakudya akafika pabedipo, iye ankaimirira n'kufunsa funso limodzimodzi.

“Pepani mayi, muli tirigu umu?”

“Mulibe, bambo.”

Anayankhidwa choncho kasanu ndi kawiri, koma mkazi wake ankangofookerafookera.

Masana a Lachiwiri lomwelo dokotala anaima pabedipo nthawi yaitali akuwerenga faelo. “Ndikuuzeni zoona,” anatero. “Pofika Lachinayi madzulo kusanzaku kukhale kutasiya, ndipo mukhale mutayamba kudya. Apo ayi, opaleshoni tiimitsa. Dokotala wa mafupa amabwera kamodzi pa masabata atatu, ndipo fupa silidikira munthu. Likayamba kulumikizana lokhota, ntchito imakula.”

Telalayo anangoyang'ana zala za kuphazi kwake zimene zinatulukira kumapeto kwa bandeji.

Nthawi yoona odwala itakwana, kunabwera mkulu wake wa mayiyo, wogulitsa zovala pamsika. Atangoona nkhope ya mng'ono wake, anaika chikwama pansi n'kutembenukira kwa kalipentala.

“Alamu, mukumudyetsa chiyani m'bale wangayu?”

“Amene akuphika si ine, alamu.”

“Nanga amene akuphikayo mumamudziwa? Anthu a kukhitchini ukamawafunsafunsa amakuda. Ndani akudziwa, mwina akuchita dala kuti muphunzire ulemu.” Kenaka anatsitsa mawu, maso ali pa mlamu wakeyo. “Kapena matenda enieni ndi ena, inu mukubisa. Ifetu tinakula tikulimbirana mabanzi tonse, palibe anatupa mimba. Tirigu wayamba kumuda atakwatiwa ndi inu?”

Mayi wa pa bedi 15, amene dzanja lake linali m'chikhakha, anadzutsa mutu. “Ngati msuziwo wasowa mwini, tabweretsani kuno. Mimba yanga imagaya ndi misomali yomwe.”

Palibe anaseka. Mkulu uja anatulutsa paketi ya mabisiketi m'chikwama n'kuing'amba. “Idya, mwana wa mayi anga. Kamodzi kokha sikapha munthu.”

Kalipentalayo anagwira paketiyo isanafike m'manja mwa mkazi wake. Anaigwiritsitsa osaisiya.

“Chabwino,” anatero mlamu wake mopsa mtima. “Ndiye asadye chilichonse cha muno. Azingomwa zakumwa zam'mabotolo mpaka Lachisanu. Ndipo musakauze anesi, angakulembeni kuti ndinu ovuta.”

“Achemwali,” anatero telalayo motsitsa, “ndatopa. Aliyense amene akundipatsa chakudya ndikumuopa. Ngakhale inu.”

Madzulo amenewo sanadye, ndipo m'mawa wa Lachitatu anangomwa madzi. Mwamuna wake anakhala pampando akusinkhasinkha. Pa ntchito yake, chitseko chikamakana kutsekeka sakangana nacho, amafufuza pamene chikukhula. Choncho kangolo ka chakudya katatolera makapu a m'mawa, anakatsatira chapatali. Anadutsa khonde lalitali, chipinda chochapira, mpaka pa zenera lalikulu loperekera mbale. Anaima pambali, pamene sakanaoneka msanga.

M'khitchinimo munali nthunzi ndi phokoso la zivundikiro. Pakhoma panali timakadi ta odwala ofunika chakudya chapadera, ndipo anaona ka mkazi wake: BEDI 14, OSAPATSA BULEDI. Pafupi ndi mphika waukulu wa msuzi panaima wophika wamkulu, mayi wamtali amene anzake ankamutcha Mayi Chipande chifukwa chipande sichinkachoka m'manja mwake. Mayiyo anatapa ufa woyera m'thumba, anausungunula m'kapu ya madzi, n'kuuthira mumphikamo uku akutakasa.

Kalipentalayo, amene sanakwezepo mawu pagulu chibadwire, anangozindikira kuti wafuula.

“Mwakhala mukundinamiza masiku onsewa!”

Mayi Chipande anatembenuka. “Bambo, kuno si kwa alendo. Ndakunamizani chiyani ine?”

“Tsiku lililonse ndimafunsa ngati muli tirigu. Mumati mulibe. Nanga mwathiracho n'chiyani?”

“Ameneyu ndi fulawa,” anayankha mayi wokankha kangolo uja, amene anali kutsitsa makapu. Nkhope yake inali yodabwa zenizeni. “Timathira kuti msuzi usakhale wamadzimadzi. Tirigu muno sitiphika, bambo. Mpunga, nyemba, mbatata, zimenezo inde. Koma tirigu sindinamuonepo.”

Ukali wa kalipentala unazilala. Anayang'ana mayiyo, kufunafuna bodza pankhope pake, koma sanalipeze.

Phokosolo linakopa sisitala woyang'anira wodi, ndipo iyeyo atamva nkhani yake anaitana katswiri wa zakudya wa pachipatalapo. Katswiriyo, mayi wa magalasi wolankhula modekha, sanayambe ndi kudzudzula. Anapempha kuti atembenuze thumba lija. Kumbuyo kwake, m'zilembo zing'onozing'ono, kunalembedwa kuti ufawo ndi wa tirigu.

“Mayi anga ine!” anatero wokankha kangolo, atagwira pakamwa. “Ine ndimayesa akunena tirigu wa njere, wooneka ngati mpunga.”

“Zoti fulawa amachokera ku tirigu ine ndimadziwa,” anatero Mayi Chipande. “Koma funso la bambowa silinafikepo kwa ine. Chimene chinandifika ndi ichi.” Analoza kakadi kaja ndi chipande. “Ndipo ndachitsatira. M'mawa uliwonse buledi ndimamuchotsa ndekha pambale ya bedi 14.”

“Mumamuchotsa atakhalapo kale?” anafunsa katswiriyo.

“Eya. Timayamba tayala mbale zonse, kenaka n'kuchotsa.”

“Nanga nsomba ya dzulo munaikazinga bwanji?”

Mayi Chipande anatsitsa chipande. “Timaigubuduza mu fulawa kuti isamatirire.”

Katswiriyo anatembenukira kwa kalipentala. “Bambo, tsiku lolembetsa munanena kuti chiyani kwenikweni?”

Iye anayesa kukumbukira, ndipo pamene ankakumbukira nkhope yake inagwa. Kalaliki anali ndi mzere wautali wa anthu. Atamva za tirigu anafunsa kuti, “Tirigu monga chiyani?” Iye, posafuna kuchedwetsa anzake, anangoti, “Monga buledi.” Dzina la matendawo sanalitchule n'komwe, poganiza kuti nkhani ya tsikulo inali ya mwendo.

“Ndiye kuti palibe amene ananama,” anatero katswiriyo. “Mawu anu anachepa polowa pakhomo, ndipo anafika kuno atatsala buledi yekha. Tsopano timvetsetsane tonse. Kwa wodwala siliyaki, nyenyeswa za buledi zotsalira pambale n'zokwanira kumudwalitsa. Fulawa wa mumsuzi, mafuta amene mwakazingira chinthu cha fulawa, chipande chochoka mumphika wina, thabwa lodulira buledi, ngakhale timibulu tina tokometsera ndiwo, zonsezi zimanyamula gilateni. Mayiwa sakusankha zakudya. Kwa iwo chakudya choyenera ndicho mankhwala, ndipo ena palibe.”

“Nanga aleke kudya za muno mpaka Lachisanu?” anafunsa kalipentala. “Alamu anga amatero.”

“Ayi. Munthu wanjala sapirira opaleshoni, ndipo bala lake limachedwa kupola. Adye, koma adye zotetezeka: mpunga, mbatata, nyemba, mazira, nsomba yosagubuduza, masamba ndi zipatso. Ziphikidwe mumphika wawowawo, ndi chipande chawochawo, zituluke muno zovundikira. Asisitala alemba dzina la matendawa pamwamba pa faelo, ndipo ine ndikafunsa kosungira mankhwala ngati mapiritsi amene akumwa alibe tirigu. Mukanatiuza ife tsiku loyamba lomwe anadwala, sitikanafika pano.”

Mayi Chipande anakanda kumutu. “Mphika wapadera ulipo. Koma miphika yathu yonse ndi yofanana, ndipo pepala ukamata limachoka potsuka. Tilipo anayi muno, wina adzasokoneza.”

Yankho linachokera pa bedi 14. Mwamuna wake atamufotokozera zonse, telalayo anapempha chikwama chake chamanja n'kutulutsa mpukutu wa ulusi wofiira, wolimba, wosokera mayunifolomu. Anaupota pawiri n'kudula zidutswa zitatu: cha pachigwiriro cha mphika, cha pachipande ndi cha pachivundikiro.

Chakudya chamadzulo anabweretsa Mayi Chipande mwiniwake. Mkulu wake wa telala anali atabweranso, ndipo anayang'anitsitsa mbaleyo ngati muli njoka.

“Ndiye lero mwasanduka abwino?” anafunsa.

“Funsani zimene mukufuna, mayi, ndiyankha.”

Kalipentalayo anaimirira monga mwa masiku onse. “Muli tirigu umu?”

“Mulibe.”

“Fulawa?”

“Mulibe. Msuzi wake ndalimbitsa ndi mbatata yonyenya. Mafuta ndatsekula atsopano, manja ndasamba kawiri, ndipo kakadi kaja ndalemba kena ndi dzanja langa.”

Telalayo anayang'ana ulusi wofiira pachivundikiro kwa nthawi yaitali. Anatapa pang'ono, anatafuna mosamala, n'kudikira ngati akumvetsera m'mimba mwake. Kenaka anatapanso. Mkulu wake anabweza mwakachetechete m'chikwama paketi yatsopano ya mabisiketi imene anabwera nayo.

“Amenewo musabwerere nawo kunyumba, angakulemereni,” anatero mayi wa pa bedi 15, atatambasula dzanja lake labwino lija.

Pakhomo la wodi, kalipentala anamupeza wophika uja. “Mayi, ndikhululukireni. Ndinakuyesani abodza.”

“Nanenso ndinakuyesani ovuta, bambo. Tafanana.”

Lachinayi madzulo dokotala anawerenganso faelo. Kusanza kunali kutasiya, ndipo madzi a m'diripi anali atabwezeretsa mphamvu pang'ono. Ananena kuti matumbo atenga masabata kuti achire bwinobwino, koma opaleshoni ichitika. Lachisanu m'mawa, pamene ankamukankhira kuchipinda cha opaleshoni, telalayo anaika mpukutu wa ulusi uja m'dzanja la mwamuna wake.

“Mundisungire,” anatero. “Ndili ndi madiresi awiri osamaliza.”

Zitseko zinatsekeka. Kalipentalayo anakhala pabenchi ya m'khonde, ulusi uli m'manja, akuganiza za mawu awiri aja, “Monga buledi,” amene anayankha kalaliki mofulumira pofuna kuti asavutitse anthu.

Phunziro: Ngati inu kapena m'bale wanu ali ndi matenda a siliyaki, tchulani dzina la matendawo pogonekedwa m'chipatala, ngakhale mwabwerera vuto lina, ndipo onetsetsani kuti lalembedwa m'faelo ndiponso lafika kukhitchini. Musangoti “buledi” kapena “tirigu” basi. Tchulaninso fulawa, mafuta okazingira ndi ziwiya zophikira. Pemphani kuonana ndi katswiri wa zakudya, ndipo zizindikiro zikayamba uzani anamwino tsiku lomwelo. Kukayikira mwakachetechete kumangochulukitsa adani, koma funso lofunsidwa bwino, kwa munthu woyenera, limateteza wodwala.