Chitsulo cha pa Namaswa

A Pilato Mukhova anagwira ntchito ya pa damu zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo palibe ngakhale mbuzi imene inakokoloka pa dooko la Namaswa. Damulo silinali lalikulu. Linali khoma chabe la simenti m'tsinde mwa phiri la Mulanje, lopatutsa madzi kuti atsike m'chipaipi kukazunguza makina a magetsi, amene ankaunikira midzi itatu, kachipatala ndi chigayo. Koma Namaswa amatsika ndi mchenga wambiri, ndipo mchenga ukadzaza kuseri kwa khoma makina amatsamwa. Ntchito ya a Pilato inali kupukusa chiwongolero, kukweza geti, kuti madzi atuluke mwaukali n'kukokolola mchengawo.

Madzi amenewo sankachedwa kufika kumunsi pa dooko, pamene anthu amawolokera, ndipo ankafika olekeza m'chifuwa, atanyamula miyala. Choncho a Pilato anapempha limu yakale ya thirakitala, chitsulo chija chovekapo tayala, ku esiteti ya tiyi, naipachika pa mbawa ya pafupi ndi geti. Asanatsegule ankaimenya katatu, n'kudikira kuti ndudu ya chingambwe ithe, n'kumenyanso. Palibe bwana amene anawalembera lamulo limeneli. Koma anthu onse a tsidya lino ndi tsidya lija analilowetsa m'magazi: ukafika pamtsinje, ima, tchera khutu. Kukakhala zii, woloka.

Kenaka kampani ya magetsiwo inabweretsa zamakono. Kunabwera injiniya wachitsikana, Marjory, waulemu wake ndithu, wogwada popereka moni, zimene zinawawawa kwambiri a Pilato chifukwa anasowa pomudera. Iye ndi anzake anamiza timaso tamagetsi m'madzi toyeza mchenga, namangirira mota pa geti, naika kabokosi koyendetsa zonsezi. Mchenga ukangofika pamzere, geti linkadzitsegula lokha, ndipo uthenga unkapita pafoni ya Marjory ku Blantyre.

"Nanga chitsulo azimenya ndani?" anafunsa a Pilato.

"Kukubwera sayirini, bambo, yolira mpaka ku Milonde. Ili m'njira."

"Njira yake itiyo?"

Marjory anaseka mwamanyazi. Anachititsa msonkhano pabwalo la tchalitchi, nauza anthu kuti asadalirenso chitsulo. Anakhomanso chikwangwani pa dooko, chimene patangotha milungu iwiri wina anachizula n'kukatsekera khola la nkhumba. Akampani anawathokoza a Pilato powombera m'manja ndi kuwapatsa kalata yothetsa ntchito, yokhala ndi chidindo. Tsiku lomwelo a Pilato anakadula waya pa mbawa paja, nagubuduza limuyo mpaka kwawo, mtima uli phuliphuli. Amvekere, "Makina awo anzeruwo adzipezere chawo." Limu ija inasanduka chomwera nkhuku.

Munthu mmodzi yekha sanamve za zonsezi. Edna, mlongo wawo wamng'ono, anali kupitirira Milange ku Mozambique, kumene anakhala miyezi isanu ndi iwiri akudwazika apongozi ake. Nyumba yake inali tsidya lino, ndipo pobwera anayenera kuwoloka Namaswa. Edna ameneyu anali wodzitama ndi mchimwene wake mopanda manyazi. Pamsika wa Limbuli, akugulitsa nanazi, ankatha kuuza mlendo wosamudziwa n'komwe kuti, "Magetsi a kwathu amayatsa ndi achimwene anga." A Pilato ndiwo anali mwini mbumba, ndiwo anamulera makolo atamwalira, ndipo mawu amenewo ankawakoma kuposa ndiwo zankhuku.

Edna ankaimba foni kamodzi pamwezi, akabwereka ya munthu. Nthawi iliyonse ankafunsa kuti, "Kuntchito kuli bwanji, achimwene?" Ndipo nthawi iliyonse a Pilato, atagwira khasu la ganyu m'munda wa eni ake, ankayankha kuti, "Kuli bwino." Mkazi wawo, Estele, anawadzudzula kangapo konse.

"Muuzeni mwana wa mayi anu. Adzabwera ndi makutu akale ameneyo."

"Ndidzamuuza pamaso. Zoterezi sanenera pafoni ya eni."

Chilungamo chake n'chakuti ankachita manyazi. Munthu wa imvi kulandidwa ntchito ndi kabokosi kopanda ndi m'mimba momwe, akaziganiza ankangozengereza kumuuza. Chilimwe chonse mtsinje unali wofatsa, geti linatseguka mwina kawiri kokha, ndipo sayirini ija inali m'njirabe.

Kumayambiriro kwa Disembala Edna anatumiza mawu kuti afika Loweruka. A Pilato anakonza zoti adzakamudikire pa dooko kuyambira m'mawa, amulandire katundu, amuuze zonse akuyenda. Lachisanu masana ali m'munda mwawo kupalira chimanga anakweza maso. Kumunsi kuno dzuwa linali phwee, koma pamwamba pa phiri panali patada bii. Ankaidziwa mvula imeneyo, yoyamba yeniyeni, yotsuka mapiri amene anthu anawotcha makala. Mchenga wake sutenga ola kudzaza damu. Mumtima anati bola litseguke lero, mawa mtsinje udzakhale woyera.

Apo foni inalira m'thumba. Nambala yachilendo.

"Achimwene, ndine. Ndapeza galimoto lero lomwe, ndiye ndati ndidikiriranji. Ndadutsa kale pa Muloza, ndili pa kabaza, iyi ndi foni ya wakabazayu. Tatsala pang'ono."

"Edna, ukafika pamtsinje undidikire."

"Aa, inu muli pantchito, musavutike. Mvula ndaiona kuphiriko. Ndimvera chitsulo chanu."

Pamenepo panali pokwanira mawu anayi okha: ntchito inatha, chitsulo kulibe. A Pilato anatsegula pakamwa, nayamba ndi kuzungulira monga ankachitira miyezi yonseyi. "Iyayi, pali kankhani kena, mwina tikakumana…" Foni inaduka. Anaimbanso, sinayankhidwe. Wakabaza anali ataibweza m'thumba n'kumapalasa. Anaimba kachitatu, kachinayi.

Anataya khasu n'kuthamangira kunyumba, poti inali panjira. Anakhuthula madzi a nkhuku, naimika limu ija, naimenya ndi nkhwangwa. Ili pansi sinalire, inangoti phu, phu, ngati ndowa yobooka. Ngakhale ikanalira, pakati pa nyumba yawo ndi mtsinje panali chitunda chonse cha tiyi. Estele anatuluka m'khitchini, nawayang'ana. Anangomanga chitenje n'kuyamba kuthamanga, iwo pambuyo.

Anadutsa m'mizere ya tiyi, otchola masamba akuwayang'ana modabwa. Bondo la a Pilato, limene linavulala kalekale pa geti lomwelo, linkawaluma, koma sanaime. Atafika pamwamba pa chitunda anamva mkokomo. Zaka khumi ndi chimodzi ankaumva ali pafupi, dzanja lili pa chiwongolero, akudziwa kuti kumunsi kulibe munthu. Sanadziwe kuti ukamveka uli patali umaopsa chotere.

Edna anamupeza anyamata okumba mchenga, patali ndithu kumunsi kwa dooko, atapanikizika pakati pa miyala iwiri. Anali moyo. Thumba lake la nandolo linali litang'ambika, ndipo chitenje chatsopano cha kapulana chimene anagulira Estele chinakodwa pa bango. Wakabaza uja anali chiimire tsidya lija, manja ali kumutu. Pambuyo pake anafotokoza kuti mayiwo anatsika panjinga, naima m'mphepete nthawi ndithu, mutu atapendeketsa, mpaka iye anawafunsa chimene akumvetsera. Anamuyankha kuti, "Achimwene anga," kenaka anasenza thumba n'kulowa m'madzi.

Anamunyamula pa chitseko mpaka ku kachipatala kaja. Namwino anamuyeza, nayang'ana a Pilato, naitanitsa ambulansi ndi mawu a munthu amene akudziwa kuti siifika nthawi yake. Mkatimo magetsi anali kuyaka bwinobwino, osaphethira ngakhale pang'ono. Mchenga unali utachoka, makina akuzungulira mokondwa. Foni ya Marjory ku Blantyre iyenera kuti inali italandira kale uthenga woti zonse zayenda bwino.

Dzuwa likupendeka Edna anatsegula maso. Anawapeza a Pilato atagwada pambali pa bedi, matope mpaka m'mawondo.

"Achimwene."

"Ndili pano."

"Ndinaima. Ndinamvetsera ndithu." Anapuma movutikira. "Lero munaiwala?"

A Pilato anafuna kunena. Tsopano mawu aja analipo onse, ofola bwino, koma analibenso ntchito. Kumuuza kuti sanaiwale, kuti anamunamiza miyezi isanu ndi iwiri chifukwa chofuna kutamidwa pamsika, kukanathandiza chiyani munthu wothyoka msana? Anangogwira dzanja lake lozizira, misozi ikutsikira m'ndevu. Chisoni chimene anamva chinali chopanda pothawira, chifukwa wolakwa akamufunafuna, pakati pa kampani, injiniya ndi kabokosi kaja, ankangodzipeza okha.

Edna anaona misoziyo ndipo anaimva mwa njira yake. Anatembenuza maso kufuna Estele, kenaka namwino, kenaka anyamata a mchenga amene anadzaza pakhomo.

"Alamu," anatero ndi timawu totsalira, "auzeni anthuwa. Zaka zonsezi sanalakwitsepo. Asakanene ku ofesi kuti sanamenye chitsulo. Angawachotse ntchito."

Anyamata aja anayang'ana pansi. Estele anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Mwamva, alamu?"

"Ndamva," anatero Estele. "Sitikanena."

Edna anatseka maso, nkhope yake itamasuka ngati munthu amene wamaliza ntchito imene anabwerera. A Pilato anakhalabe chogwada, dzanja lija lili m'manja mwawo, mpaka namwino anabwera kudzawamasula zala.