Pokolekera Chikwama

Mayi wogulitsa kabichi analowetsa pikapu yake m'galaja cham'mawa, n'kuimitsa pafupi ndi phazi la makaniko, osapereka ndi moni womwe.

"Bambo, ndilibe nthawi. Mundiuze mawu amodzi: galimotoyi yafa kapena ili moyo?"

Makanikoyo, bambo waimvi wodziwika pa ntchito ya mawaya, anapukuta manja mosafulumira. "Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndikanadzuka bwino mukanandiona kuno?"

Kwa milungu itatu, kamuvi koonetsa kutentha kwa injini kankathamangira pofiira galimoto ikangonyamuka. Mayiyo ankaima m'njira kanayi, kasanu, kuthira madzi m'rediyeta yodzadza kale, uku kabichi akufota padzuwa. Pofika kumsika ankapeza anzake akusesa. Kamuvi ka mafuta nako kanali katapenga: kankati thanki yadzadza, pamene kamtengo kake kopimira kakutuluka konyowa kunsonga kokha. Mlamu wake, mng'ono wa malemu mwamuna wake, anali atagamula kale kuti injini yapsa, galimoto igulitsidwe isanasanduke khola la nkhuku. Wogula anali woti abwera Loweruka. Koma pikapuyo ndi imene inalera ana anayi, ndipo ikapita, mayiyo abwerera kosenza dengu pamutu, khosi lake lokalambali.

"Tigwirizane kaye," anatero mayiyo. "Mukapeza matenda, ndikulipirani. Mukangoigwiragwira, ngakhale zikomo simumumva."

"Nanga ndikapeza kuti yafadi?"

"Ndiye mundilipira ndinu, pondipatsa uthenga woipa."

Makaniko anaseka, n'kupempha makiyi. Mayiyo anatsika ndi chikwama chake n'kukakhala pa benchi yamafutamafuta, phazi likugunda pansi. Bamboyo anatuluka nayo galimoto, anakazungulira, anabwera. Anatsegula boneti, anagwira paipi ya madzi, anatchera khutu.

"Mayi, injiniyi ikuyimba bwinobwino. Kamuvi kali pakati, sikanasunthe."

"Mukunditenga ngati wamisala? Sukulu sindinapite nayo patali, koma chofiira ndimachidziwa!"

"Kwerani, muyendetse nokha ndione."

Mayiyo anakwera akung'ung'udza. Mwachizolowezi anapisa dzanja pansi pa dashibodi, n'kukoleka chikwama, n'kuliza injini. Asanafike ndi pageti pomwe, kamuvi kanali kataima pofiira.

"Ehe! Mwaona? Kapena maso anu nawonso ndi ofuna sipanala?"

Koma makaniko, amene anakhala pambali pake, sankayang'ana kamuvi. Ankayang'ana chikwama chimene chinkalendewera pafupi ndi bondo la mayiyo.

"Muli chiyani umu?"

"Miyala ya sikelo. Mukufuna mugule?"

"Mwakoleka pa chiyani?"

"Pokolekera panga. Kale ndinkaika pansi, koma tsiku lina mwala unagubuduka kukalowa kunsi kwa buleki, ndinatsala pang'ono kulowa m'sitolo ya eni. Ndiye ndinapapasa mkatimu n'kupeza kachingwe kolimba kopindika bwino, ngati anakaikira ine."

"Liti limenelo?"

Mayiyo anawerengetsa masiku m'mutu. Milungu itatu.

Makaniko anatambasula dzanja n'kukolola chikwamacho. Kamuvi kanatsika pang'onopang'ono mpaka pakati. Anakolekanso, kanakwera. Kenako mayiyo anaimitsa galimoto n'kutsika, ndipo bamboyo anagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, n'kuunika ndi tochi.

"Bwerani muone. Kachingwe kanuka ndi waya wakuda amene amabweza moto wa mageji onse, timivi tanu tija, ku chitsulo cha galimoto. Miyala yanu yamukoka mpaka bawuti yakhwepa, pansi pake pachita dzimbiri. Akangolemedwa, mageji amayamba bodza. Injini ilibe mlandu."

"Chokani apo, ndiyese ndekha."

Anakolola, kamuvi kanatsika. Anakoleka, kanakwera. Anabwereza katatu, ngati akupima sikelo ya munthu amene sakumukhulupirira. Kachitatuko anaika chikwama pampando, n'kutsamiritsa chipumi pa chiwongolero chimene manja a mwamuna wake anachisalalitsa. Anakhala choncho kanthawi, mapewa akutsika, injini ikulira mwakachetechete pansi pa mapazi ake.

"Zigubu zonse zija za madzi," anatero osadzutsa mutu. "Ndimasambitsa munthu wosadwala."

Makaniko anamasula bawuti ija, anapala dzimbiri ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kumanganso zolimba. Kamuvi ka mafuta kanatsika kukaima pamene kamtengo kankanena masiku onsewa. Kenako anatola kachidutswa ka chitsulo pansi, anakapinda ngati mbedza, n'kukamangirira kumwendo kwa mpando.

"Apa kolekani ngakhale thumba la simenti. Mawaya aja muwasiye."

Mayiyo anakakoka kambedzako ndi manja awiri. Sikanagwedezeke. Apo mawu ake anabwerera mwakale.

"Tsono bambo, ntchito yake ndi imeneyi? Bawuti imodzi? Komanso matenda ndawasonyeza ndine, ndi chikwama changa."

"Munawabweretsanso ndinu, mayi."

Anakangana mpaka tiyi wa makaniko anazizira. Pomaliza mayiyo analipira monga anapanganira, n'kukwera kumbuyo kwa pikapu, n'kusankha kabichi wamkulu kuposa onse, amene sakanamutsitsira mtengo ngakhale m'bale wake. Anamuika pa benchi.

Asananyamuke anatulutsa foni.

"Alamu? Wogula wanu uja mumuuze abwerebe Loweruka. Eya, abwere ndithu. Atenge thumba lalikulu, kabichi ndili naye wambiri."