Buledi wa pa Masitepe

Dokotala wa ku Tanta atanena kuti Rimas asiye buledi, mpunga ndi shuga, amayi ake, a Nawal, anangoseka mofooka. Amuna awo, a Wagdi, ntchito yawo inali yophika buledi.

Komabe anayesa, poti mankhwala okha anali atalephera kugonjetsa matenda a khunyu a mtsikanayo. M'mawa uliwonse a Nawal ankayeza pa sikelo mazira, batala ndi mafuta a maolivi, tulo tili m'maso. Rimas ankadya monyinyirika. Patapita miyezi, kugwa kuja kunachepa, ngakhale sikunatheretu.

A Wagdi anasiya kulowa ndi buledi m'nyumba. Ankadyera pa masitepe, n'kusasa malaya asanagogode.

Tsiku lina masana Rimas anatsegula chitseko n'kuwapeza akutafuna.

"Ababa, lowani mudyere muno," anatero. "Fungo lake ndimalimva tsiku lililonse."

A Wagdi anayang'ana chibenthu chimene chinali m'manja mwawo.

"Ndakhuta kale, mwanangu."

A Nawal anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Kaya mudyera pati, tsekani chitsekocho, ntchentche zikulowa. Ine ndikufuna ndikhaleko pansi."